UKWIMI: KUMENE OTHAWA NKHONDO ANAPATSIDWA KHASU

Munthu akanyamuka pa boma la Petauke ndi kulunjika cakumpoto, ca ku cigwa ca Luangwa, atayenda makilomita okwanira ngati 70 amafika pa malo ochedwa Ukwimi. Mlendo wa lero amaona midzi, minda, masukulu ndi zipatala zazing'ono monga momwe ziriri kwina konse m'Cigawo ca Kum'mawa. Koma mbiri ya malo awa iri yosiyana ndi ya midzi ina, pakuti kuyambira m'caka ca 1987 kufikira m'caka ca 1994 kuno kunali kwao kwa anthu pafupifupi 25,000 amene anathawa nkhondo ya m'dziko la Mozambique.

Anthu amenewa anafika m'Zambia ali ndi nsanza zokha. Pamene anali kubwerera kwao anasiya minda yolimidwa, zitsime, misewu ndi nyumba za sukulu zimene zinakhala cuma ca Boma ndi ca anthu a dziko lino. Nkhani ya Ukwimi iyenera kukumbukidwa ndi onse amene amagwira nchito yothandiza anthu obvutika, cifukwa iri kuonetsa cimene thandizo lingathe kucita ngati laikidwa m'manja mwa munthu wodziwa kale kulima, ndiponso iri kuonetsa mtengo umene eni nthaka amalipira polandira alendo.

NKHONDO YA KUSERI KWA MALIRE

Dziko la Mozambique linalandira ufulu wodzilamulira pa 25 Juni, 1975, pansi pa cipani ca Frelimo cotsogozedwa ndi a Samora Machel. Mtendere sunakhalitse. Boma la atsamunda la Rhodesia linathandiza kukhazikitsa gulu la zigawenga limene linadziwika ndi dzina lakuti Renamo, ndipo Zimbabwe atalandira ufulu m'caka ca 1980, boma la tsankho la South Africa ndilo linatenga udindo wopatsa gululi zida. Pangano la ku Nkomati la m'caka ca 1984 silinathetse kumenyana. M'malo mwace nkhondo inafalikira m'zigawo za Zambezia ndi Tete, ndipo Tete ndiye acita malire ndi maboma a Nyimba, Petauke, Katete ndi Chadiza.

Nkhondo imeneyi inagwera kwambiri anthu wamba a m'midzi. Masukulu, zipatala, masitolo ndi nkhokwe zinatenthedwa. Amuna ndi akazi anagwidwa kuti azisenza katundu wa zigawenga mitunda yaitali, ndipo ana ena anatengedwa kukaphunzitsidwa kugwira mfuti. M'caka ca 1988 a Robert Gersony, amene anatumidwa ndi boma la America kukafunsa othawa nkhondo, analemba kuti anthu wamba amene anaphedwa ndi Renamo angakwane 100,000. Pofika kumapeto kwa nkhondo, imfa za mfuti, njala ndi matenda pamodzi zinawerengedwa kuti zinafika pafupifupi miliyoni imodzi.

Munthu wa kumudzi amene munda wace watenthedwa alibe cina cocita koma kubereka mwana kumbuyo ndi kulowa m'thengo. Ambiri a ku Tete analowera ku Malawi ndi ku Zimbabwe, koma amene anali pafupi ndi malire a Zambia anayenda usiku m'tinjira timene anali kutidziwa kuyambira ubwana wao.

OYAMBA KUTHANDIZA

Malole a cimanga asanafike, ndiponso akalaliki a mabungwe asanatsegule mabuku ao olembamo maina, oyamba kuthandiza othawa nkhondo anali anthu a m'midzi ya m'malire. Malire amene Angelezi ndi Apwitikizi analemba anadula pakati pa mitundu imodzimodzi. Acewa, Ansenga ndi Acikunda ali mbali zonse ziwiri, amalankhula zinenero zomvana, ndipo amakwatirana kuyambira kale. Kalonga Gawa Undi, amene likulu lace liri ku Mkaika m'boma la Katete, ali ndi mafumu ace ku Zambia, ku Malawi ndi ku Mozambique komwe.

Cifukwa ca ici, amene anafika pakhomo usiku nthawi zambiri sanali mlendo weniweni. Anali mphwace wa mwini nyumba, kapena mpongozi, kapena munthu wa mfunda umodzi. Anyakwawa anawapatsa pomanga kanyumba ndi kadimba kolima, ndipo akazi anagawa ufa umene unali wosakwanira ndi kale pa banja lao lomwe. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndebvu m'zimire, mawa adzazima zako, ndipo anthu a m'malire anacitadi zimenezi popanda kulembedwa m'buku liri lonse. Sikanali koyamba, pakuti m'zaka za m'ma 1960, pa nthawi ya nkhondo yomenyana ndi Apwitikizi, othawa ena ocokera ku Tete anasungidwa ku Nyimba.

Tiyenera kukumbukira kuti Zambia mwini anali pa mabvuto akuru m'zaka zimenezo. Mtengo wa mkuwa unali utagwa kuyambira m'caka ca 1975, ngongole za dziko zinali zitacuruka, ndipo mu Disembala 1986 kunabuka zipolowe ku Migodi cifukwa ca kukwera kwa mtengo wa ufa. Dziko losauka ndilo linalandira osauka anzace.

CIFUKWA CA KUSAMUTSA ANTHU

Kukhala m'malire kunali ndi ngozi zace. Kuyambira m'caka ca 1987 zigawenga zinayamba kulumpha malire ndi kuukira midzi ya m'Zambia, kupha anthu, kulanda ng'ombe ndi katundu, ndi kugwira ena kupita nao m'thengo. Asilikali a Zambia anatumizidwa m'malire. Boma la a Kenneth Kaunda linaona kuti othawa nkhondo okhala mobalalika sangathe kuchinjirizidwa bwino, ndiponso nkobvuta kusiyanitsa wothawa ndi kazitape. Lamulo la m'caka ca 1970 loyang'anira othawa nkhondo linali kupatsa Boma mphamvu youza anthu otere kumene ayenera kukhala.

Motero Boma, pamodzi ndi bungwe la United Nations loyang'anira othawa kwao la UNHCR, linasankha Ukwimi, dera lalikuru makilomita 310 m'bwalo lace lonse, kutali ndi malire. Nchito ya tsiku ndi tsiku inaperekedwa m'manja mwa bungwe la Lutheran World Federation, ndipo cakudya cinali kucokera ku World Food Programme. Zambia anali ndi cizolowezi kale pa nchito yotere, cifukwa Mayukwayukwa anatsegulidwa m'caka ca 1966 ndipo Meheba m'caka ca 1971, makamaka cifukwa ca othawa nkhondo a ku Angola.

Si onse anakondwera ndi kusamuka. Munthu amene wapeza pokhala pakati pa abale ace, amene amatha kumva mbiri ya kwao tsiku ndi tsiku ndi kuzemba kukaona munda wace nkhondo ikatsika, sanafune kukwera lole kupita ku thengo lacilendo. Ena anabisala pakati pa abale ao ndipo sanalembedwe konse. Apa pali phunziro loyamba: cimene olamulira amaciona ngati cipulumutso, wothandizidwayo angathe kuciona ngati kuthawa kwaciwiri.

MUNDA NDI KHASU

Cimene cinasiyanitsa Ukwimi ndi misasa yambiri ya othawa nkhondo ndi cakuti sanamangidwe monga msasa wa matenti oyandikana. Anthu anagawidwa m'midzi yoposa 70, ndipo banja liri lonse linapatsidwa munda wa mahekitala 2, pamodzi ndi makasu, nkhwangwa, mbeu ndi fetereza woyambira. Cakudya caulere cinali kuperekedwa kwa zaka ziwiri zoyamba, kuti banja lipeze nthawi yogwetsa mitengo, kuzula zitsa ndi kukolola kawiri. Pambuyo pace banjalo linali kuyembekezeredwa kudzidyetsa lokha.

Nzeru imeneyi inayenda cifukwa inagwirizana ndi moyo wa anthuwo. Pafupifupi onse anali alimi. Anali kudziwa nthawi yobzala cimanga ndi nshawa, kupanga mizere, kumanga nkhokwe ndi kusunga mbeu. Mvula ya ku Petauke siisiyana kwambiri ndi ya kumpoto kwa Tete. Palibe amene anafunikira kuwaphunzitsa kugwira khasu. Cimene anasowa cinali nthaka yopanda mfuti. Atapatsidwa nthakayo, mabanja ambiri anadzaza nkhokwe zao, ndipo ena anayamba kugulitsa cimanga cotsala ndi kulima thonje ndi mpendadzuwa kuti apeze ndalama za sopo, mcere ndi zobvala.

Kusiyana kwace kumaoneka bwino tikayang'ana ku Malawi. Dziko limenelo linalandira othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi, kotero kuti m'boma la Nsanje alendo anacuruka kuposa eni dziko. Malawi anacita cifundo cacikuru, koma analibe nthaka yokwanira kugawira anthu ambiri cotere, ndipo ambiri anakhala zaka zonse za nkhondo akudikira tsiku lolandira ufa, nyemba ndi mafuta. Ku Ukwimi anthu anali ocepa ndipo nthaka inalipo. Munthu wodya za m'munda mwace amayenda mosiyana ndi munthu woima pa mzere ndi khadi m'manja. Amatha kuitana anzace kudzamwa thobwa, amatha kupereka nkhuku pa maliro, ndipo ana ace amamuona akugwira nchito.

Pamodzi ndi minda panabwera zina. Misewu inalambulidwa, zitsime za mijigo zinakumbidwa, masukulu a pulaimale ndi makiliniki anamangidwa, ndipo njerwa zambiri zinaumbidwa ndi othawa nkhondo eni ace. Panalinso nchito ina yosaoneka ndi maso. Akazi ndi ana ambiri anafika ataona abale ao akuphedwa pamaso pao, ndipo ana ena anali osalankhula kapena odzidzimuka usiku. Anthu a mipingo, aphunzitsi ndi anchito a zaumoyo anayesa kuwathandiza, koma mankhwala akuru anali kubwerera kwa moyo wa masiku onse: belu la sukulu m'mawa, mtondo ndi munsi madzulo, ndi gule pa bwalo mwezi ukawala.

MADANDAULO A ENI NTHAKA

Ukwimi sanali thengo lopanda mwini. Munali midzi ya Ansenga amene makolo ao anagona m'nthaka imeneyo, ndipo iwowa mwadzidzidzi anapezeka ocepa pakati pa alendo ambirimbiri. Anapindula ndi zambiri, pakuti masukulu, makiliniki ndi zitsime zinali zotsegukira onse, ndipo msewu unabweretsa ogula mbeu kumene kale sanali kufika. Komabe anali ndi madandaulo amene sayenera kubisidwa.

Mabanja zikwi zingapo akamagwetsa mitengo nthawi imodzi kuti apeze minda, mapaso ndi nkhuni, thengo limatha msanga. Thengo limenelo ndilo linali nkhokwe yaciwiri ya eni dziko. M'menemo anali kupeza nyama, uci, bowa, zipatso, udzu wofolera ndi mankhwala, ndipo munali malo ena olemekezeka amene mlendo sakanatha kuwadziwa popanda kuuzidwa. Cinanso, mlimi wa m'Zambia amene anali kubvutika kupeza fetereza pa ngongole anali kuona mnansi wace watsopano akulandira mbeu, fetereza ndi cakudya kwaulere. Onse awiri anali osauka, koma mmodzi yekha ndiye anali ndi khadi.

Bvuto limeneli limapezeka kuli konse kumene thandizo lifika pakati pa anthu osauka. Ndalama zimaperekedwa ndi maiko akunja m'dzina la othawa nkhondo, ndipo wowerengera ndalama amafuna kuona kuti zagwiritsidwa nchito pa othawa nkhondo basi. Koma njala siifunsa citupa. Ngati thandizo lipitirira mwini mudzi ndi kukagwera mlendo yekha, ubale umene unalipo pa ciyambi umayamba kuzirala, ndipo amene anagawa ufa wace usiku woyamba uja amadzifunsa ngati anacita bwino.

CILALA CA 1992

Mayeso akuru anafika m'nyengo ya 1991 ndi 1992, pamene cilala coopsa cinagwa m'maiko onse a kum'mwera kwa Africa. Cimanga cinauma cisanabereke, ndipo Zambia anadya cimanga cacikasu cocokera kunja. Pa nthawi yomweyo Boma latsopano la a Frederick Chiluba, limene linasankhidwa mu Okutobala 1991, linayamba kucotsa dzanja lace pa malonda a cimanga ndi fetereza.

Cilala cinaonetsa poyera kuti kudzidyetsa kwa mlimi wodalira mvula kuli ndi malire ace. Banja limene linacotsedwa m'buku la olandira cakudya cifukwa linakolola bwino zaka ziwiri lingathe kubwerera pa njala m'caka cimodzi. Pa cilala wothawa nkhondo ndi mwini dziko anakhala ofanana, pakuti dzuwa linaocha minda yonse mosasankha. Amene amakonza nchito za citukuko ayenera kudziwa kuti khasu silicotsa kufunika kwa thumba la cimanga; limangocepetsa masiku amene thumbalo lifunika.

Cilala comweco cinafooketsanso mbali zonse ziwiri za nkhondo ku Mozambique, cifukwa m'midzi munalibenso cakudya coti asilikali alande. Pa 4 Okutobala, 1992, mu mzinda wa Rome, a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere pambuyo pa zokambirana zimene gulu la Akatolika la Sant'Egidio linathandiza kuyendetsa.

ULENDO WOBWERERA

Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mtendere utakhazikika, anthu pafupifupi 1,700,000 anabwerera ku Mozambique kucokera ku Malawi, Zimbabwe, South Africa, Swaziland, Tanzania ndi Zambia. Ambiri anayenda okha pansi osadikira galimoto. A ku Ukwimi, pokhala kutali ndi malire, ananyamulidwa pa malole ndi mabasi m'caka ca 1994, caka comwe dziko lao linacita cisankho coyamba ca zipani zambiri.

Ena anadabwa kuona anthu akusiya minda yobereka, sukulu ndi cipatala, kupita kumene kunali mabwinja ndi mabomba okwiriridwa m'nthaka, amene anapitiriza kupha ndi kupundula anthu kufikira Mozambique analengeza m'caka ca 2015 kuti wacotsa onse odziwika. Koma kwao kunali manda a makolo, ufumu wa mbumba yao ndi nthaka imene palibe akanawauza kuti abwereka. Cimene Ukwimi anawapatsa ndi cakuti sanabwerere cimanjamanja. Anapita ndi katundu wao, ana odziwa kuwerenga, ndi manja amene sanaiwale nchito.

CIMENE CINATSALA

M'caka ca 1995 malowa anaperekedwa m'manja mwa Boma la Zambia, limene linawasandutsa malo okhazikitsamo anthu a dziko lino ofuna minda. Opuma pa nchito, ocotsedwa nchito m'matauni ndi acinyamata osowa nthaka anapatsidwa minda imene othawa nkhondo anaswa mphanje. Ana a Zambia analowa m'makalasi amene anamangidwira ana a Mozambique. M'caka ca 2018 dera la Ukwimi linakhala m'boma latsopano la Lusangazi, limene linadulidwa ku Petauke. Mau akuti kupatsa ndi kuika anakwaniritsidwa: nthaka imene inabwerekedwa kwa alendo inabwerera kwa eni ace iri ndi zitsime ndi misewu.

Komabe colowa ciri conse cimafuna wocisamala. Bungwe lothandiza likacoka limapita ndi magalimoto ace, amakanika ace ndi ndalama zace. Mjigo ukathyoka pamafunika komiti ya mudzi yokhala ndi kandalama kogulira zitsulo, msewu ukakumbika ndi mvula pamafunika khonsolo, ndipo kiliniki yopanda namwino ndi mankhwala ndi nyumba cabe. Nchito yothandiza imayesedwa bwino patapita zaka khumi kucokera tsiku limene othandiza anatsazika.

Zina mwa zimene zinaphunziridwa zinalowa m'macitidwe a pambuyo pace. M'caka ca 2014 Zambia anayamba kugawa minda ku Meheba ndi ku Mayukwayukwa kwa anthu a ku Angola amene anasankha kukhala, pamodzi ndi nzika za dziko lino m'midzi imodzimodzi. M'caka ca 2017 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo latsopano la othawa kwao m'malo mwa lija la 1970. M'caka ca 2018, pamene anthu othawa nkhondo ya ku Congo anakhazikitsidwa ku Mantapala m'boma la Nchelenge, colinga cinali cakuti masukulu, zipatala ndi misika zitumikire alendo ndi eni dziko limodzi kuyambira pa ciyambi.

Nkhondo sizinathe m'maiko otizungulira. Ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, kumenyana kumene kunayamba m'caka ca 2017 kunathamangitsa anthu mazana a zikwi m'midzi yao, ndipo kum'mawa kwa Congo anthu akhala akuthawa kwa zaka zambiri. Tsiku lina gogoda adzamvekanso usiku pa citseko ca munthu wa m'malire, ndipo iye adzatsegula monga anacitira makolo ace. Funso limene Ukwimi asiyira Boma, mafumu ndi mabungwe ndi lakuti, malole akadzafika m'mawa mwace, kodi adzakumbukira kuti m'nyumbamo muli mabanja awiri amene agawana mphika umodzi, ndi kuti onse awiri afunika mbeu mvula isanagwe?